Kachitsulo Kamene Ndinasankha

Nkhani iyi sindinauzepo munthu. Mkazi wanga anapita kumanda osaidziwa, ndipo abusa onse amene andipatsa mgonelo kuyambila nthawi ija sanaimve. Ndikuilemba m'Chinyanja chifukwa ndimo ndinaphunzilila zilembo. Chitumbuka chathu cha kwa Magodi ndimangochilankhula, ndipo pakamwa nkhaniyi yandikanika zaka zonsezi.

Ndinaphunzila kuwelenga ndili kale ndi imvi. Tinkasonkhana akuluakulu m'kachalichi kaudzu masana, titachoka ku fodya, utomoni uli m'manja, pensulo n'kumamatila ku zala. Amene anandikakamiza anali mwana wanga wamwamuna, woyamba kubadwa, amene ankagwila nchito ku Lusaka pa kampani ina yosindikiza mapepala. Anatopa ndi kumva kuti makalata ake amandiwelengela mphunzitsi, mudzi wonse n'kudziwa zimene walemba. Atamva kuti ndayamba sukulu ya akulu, ankalemba zilembo zikuluzikulu ngati za pathumba la feteleza, kuti ndisavutike.

Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 kampani ija inagulitsidwa, anthu n'kuchotsedwa nchito. Mwana wanga anabwelela ku Lundazi ndi mkazi wake ndi kamwana kawo kakakazi ka zaka zinayi. Kumudzi sanabwele. Anapeza nyumba ya zipinda ziwili ku boma, kumene kunali malaiti. Anali atayamba kukhosomola, kolala ya shati ikumukulila. Tonse tinaona, koma palibe anatchula dzina la matendawo.

Mkazi wakeyo, mkamwana wanga monga timanenela kwathu, anali Mchewa wa kwa Mwase Lundazi. Tinamulowola ndi ng'ombe monga mwa mwambo wathu, ngakhale kwawo sachita zimenezo. Anali ndi dzanja lojambula. Ku Lusaka mwamuna wake anamuphunzitsa kujambula pa kompyuta, ndipo iye mwini ankavomeleza kuti mkaziyo anamupitilila.

Tsiku lina mwana wanga anabwela kumudzi pa njinga yobweleka, n'kuima pa khola. M'kholamo munali ng'ombe zake ziwili zolimila zimene ndinamupatsa pa ukwati wake. Anati zigulitsidwe. Ndinati ngati wasankha kugulitsa, agule ngolo, kapena alowe m'gulu la chigayo. Anati ayi, akufuna kompyuta yopangila makadi a ukwati, mapepala a malilo ndi zomata pa mabotolo.

"Yathunthu ndi ya anthu a m'maofesi, adada," anatelo. "Ife tidzaimanga tokha, chiwalo ndi chiwalo, monga mmene munamangila njinga yanu ija."

Ng'ombe zinapita. Ine ndinazilela kuyambila zili matole, ndipo tsiku limene anazikusa sindinatuluke m'nyumba.

Loweluka lotsatila ndinapalasa njinga kupita ku boma. Ndinamupeza pa tebulo ali ndi pepala la mndandanda wa ziwalo, limene mnzake wa ku Lusaka anamutumizila. Mkamwana atandiona anachoka pampando n'kukakhala pamphasa pafupi ndi chitseko, akusenda nshawa, nkhope yaloza kukhoma. Kwathu mkamwana sakhala pampando apongozi ali pomwepo, ndipo salankhula nawo molunjika. Akakhala ndi mawu amauza mwamuna wake, ngakhale apongoziwo akumva zonse.

"Adada, tiyeni tione sukulu yanu. Welengani mzele woyamba."

Ndinaika chala. "Pu-lo-se-sa."

"Eya! Imeneyo ndiyo ng'ombe. Ndiyo imakoka nchito yonse. Pali yamphamvu, pali yofookelapo. Inu mukuti tigule iti?"

"Funso lanji limenelo? Ng'ombe yofooka imangokudyela udzu."

Anawomba m'manja, akuseka mpaka chifuwa chinamugwila. "Wamva, amake mwana? Adada ali mbali yanga."

Mkamwana sanatembenuke. "Atate ake mwana, auzeni adada kuti ng'ombe ikhale yamphamvu chotani, ngati mphasa yoyanikila ndi yaing'ono nshawa zimaolela m'thumba."

Mwana wanga anandilozela mzele wachiwili. Panalembedwa memoli. Anati imeneyo ndiyo mphasa, pamene makinawo amayala nchito imene akugwila nthawi imeneyo. Ikachepa, zonse zimaima pamzele.

"Chithunzi chimodzi cha ukwati chimadzaza mphasa yonse," anatelo mkamwana, akulankhulabe ndi khoma. "Ku Lusaka ndinkadikila mpaka tiyi kuzizila. Gulani ng'ombe yofookelapoyo, zotsalazo muwonjezele mphasa."

"Koma mnzanga akuti yatsopanoyi imathamanga ngati mphezi."

"Mnzanuyo amajambula? Kapena amangoseweletsa makadi muofesi?"

Mwana wanga anakanda mutu, n'kudula mzele pa ng'ombe yamphamvu.

Tinafika pa sikilini, galasi limene munthu amaonelapo zimene akupanga. Mwana wanga ankafuna yaing'ono yakale, ine ndinavomeleza, ndinati galasi ndi galasi. Mkamwana anaika pansi lichelo.

"Auzeni adada kuti ndikajambula dilesi la apelekezi lofiila ngati duwa, papepala n'kutuluka ngati chiwindi, amake mkwatibwi adzabwela kudzakoka tsitsi langa. Inu ndi adada mudzakhala mutabisala kuseli."

Anadulanso mzele, n'kulemba sikilini yaikulu ya mitundu yoona.

Pa bokosi losungilamo ziwalo ndinalankhula ngati mlimi. Ndinati chitsulo chabwino umachidziwa pochinyamula, agule lolemela, latsopano. Mkamwana anati bokosi silijambula, lakale lophwanyika pakona limene mnzawo ankafuna kutaya ndi lokwana. Mzele wachitatu unadulidwa. Katatu ndinalankhula pa ng'ombe zimene ndinalela ndekha, ndipo katatu mawu ochokela pamphasa anagonjetsa anga. Mwana wanga sanaone kanthu. Anali wokondwa, akutinyadila tonse awili.

Mzele womaliza unali hadi disiki.

"Iyi ndiyo nkhokwe, adada. Koma iyi sitisankha, ilipo imodzi yokha."

Anafotokoza kuti mnzake uja anawasungila ya m'makina akale a kunchito. Munali kale zida zonse zojambulila, mitundu yambilimbili ya zilembo, maluwa a m'mbali mwa makadi, ndi zonse zimene awiliwo anajambula zaka za ku Lusaka. Anati china chilichonse chikawonongeka munthu angathe kusakasaka, koma zimene zili m'nkhokwe iyi ku Lundazi kuno kapena ku Chipata sungazipeze. Popanda iyo, zina zonsezo ndi zitsulo chabe. Ndinamva, ndipo ndinasunga.

Ziwalo zinabwela chimodzichimodzi kwa miyezi ingapo, ndi kondakitala wa basi amene ankadziwana nawo, zitakulungidwa m'mabulangete chifukwa cha maenje a msewu wa ku Chipata. Sikilini inabwela pamiyendo pa mayi wina amene anatsika akutukwana. Tsiku lomanga ndinalipo. Mwana wanga anavula nsapato, n'kuyamba wagwila chitsulo cha pawindo asanakhudze chiwalo chilichonse, ndipo anandiletsa kuyandikila ndi juzi yanga. Koma matenda anali atamufooketsa. Kasikulu kanamugwa kawili. Kachitatu anapeleka sikuludilaiva kwa mkazi wake, iye n'kumangoloza. Nkhokwe ija ndinaiona ikulowa: kachitsulo kosalala, kolemela, kokwana m'chikhatho, kokhala ndi pepala lomata pamwamba. Mkamwana anakamanga ndi masikulu anayi.

Makinawo anadzuka. Pepala loyamba limene anasindikiza pa pulinta linali la dzina langa, zilembo zazikulu, pansi pake ng'ombe ziwili zili pagoli. Anajambula ndi mkamwana. Anapatsa mwamuna wake kuti andipatse.

Nchito inayamba kubwela. Makadi a ukwati, zomata pa mabotolo a uchi, mapepala a amayi ogulitsa chiponde. Malaiti akazima nchito ili pakati, mkamwana ankafuula mawu amene mkamwana sayenela kunena apongozi ali pafupi, kenako n'kugwila pakamwa. Mwana wanga nthawi imeneyo ankangogona pamphasa, akumuuza zochita maso ali chitsekele.

Pali chinthu chimodzi chimene ndinaona ndi maso anga, ndipo ndiyenela kuchilemba bwino. Loweluka lina kunabwela bambo wina amene amayi ake anamwalila ku chipatala m'mawa womwewo. Anabweletsa kachithunzi ndi manambala a nyimbo. Mkamwana anamupatsa mpando ndi kapu ya madzi. Ine ndinawotcha chimanga panja n'kuchidya, ndipo ndisanataye chitsononkho bamboyo anatuluka ndi mapepala a malilo m'manja, chithunzi cha amayi ake chili pakati, maluwa m'mbali. Ola silinakwane.

Mwana wanga anamwalila m'nyengo yozizila, titakolola. Masiku awili asanamwalile, ku chipatala, anandigwila dzanja mkazi wake atapita kukatunga madzi.

"Adada, musakamuvutitse. Ndine ndinabweletsa matendawa m'nyumba. Iye sanayende ndi mwamuna wina."

Ndinati agone, asalankhule zambili.

Mtembo tinaunyamula kupita nawo kwa Magodi. Mkamwana anabwela ndi mtolo wa mapepala a malilo. Anawapanga madzulo a tsiku limene mwamuna wake anamwalila, akulila, chifukwa anati munthu amene anapangila anthu ena mapepala asapite wopanda lake. Kumudzi kwathu chinthu chotele chinali chisanaoneke. Anthu analimbilana, ngakhale osadziwa kuwelenga, kuti aone chithunzi.

Amene anayamba anali mlongo wanga. Anagwila pepalalo ndi zala ziwili ngati chinthu chonunkha.

"Munthu wamwalila dzana, lelo pepala lili ndi chithunzi, nyimbo, ndi maluwa omwe? Kachitupa ka ku boma kamatenga mwezi. Uyu anakonzelatu. Ankamuphikila phala uku pepala lili pansi pa pilo."

Mawuwo anayenda m'nyumba ya malilo ngati moto wa lupsa. Amayi amene anakhala pafupi ndi mkamwana anasuntha mmodzimmodzi, mpaka anatsala yekha pakati pa mphasa ndi mwana wake pamiyendo. Wina anati n'chifukwa chake anakakamiza zogulitsa ng'ombe, ankadzikonzela za mtsogolo. Wina anati akazi a m'tauni amadziwa tsiku.

Mng'ono wanga anabwela kwa ine pamoto wa amuna, anthu onse akumva.

"Akulu, inu mumapitapita kumene kuja, ndiponso mumawelenga. Pepala lotele lingapangidwe tsiku limodzi?"

Onse anandiyang'ana. Ndikanangoti, ndinaona ndekha, ola silikwana. Mawu ochepa chabe. Koma mwana wanga anali m'bokosi, ndipo mtima wanga unkafuna munthu wamoyo woti ndimude. Wakufa sungamukalipile.

"Ine za makina sindidziwa," ndinatelo.

Titameta, tinapita ku boma kukagawa katundu wa malemu. Tinali ine, mkazi wanga, mng'ono wanga ndi mlongo wanga. Kumbali ya mkamwana kunabwela atsibweni ake, bambo wofatsa wa jekete long'ambika pachigongono, amene anapalasa njinga kuchokela kwa Mwase Lundazi. Panalinso mkulu wa mpingo wa ku boma kuti aone zonse.

Katundu anatulutsidwa pabwalo, anansi ataima kumpanda. Mng'ono wanga anatenga bedi, matilesi ndi suti. Mlongo wanga anatenga mipando, mapoto ndi makatani, ndi beseni losambitsila mwana lomwe. Mkamwana anakhala pansi pafupi ndi khomo, mutu wometa, akungoyang'ana. Sanalile.

Kenako anatulutsa kompyuta n'kuiika patebulo. Mng'ono wanga anasisita sikilini.

"Tivi iyi ndi yanga. Mlongoti ndikagula."

"Mukaonela chiyani kumudzi kopanda malaiti, madala?" anafuula mnansi wina kumpanda.

"Batile ya motoka ilipo. Iwe zikukhudza chiyani, unalowola ndiwe?"

Atsibweni ake a mkamwana anavula chipewa. Anati sakutsutsa mwambo wa eni ake, atenge zonse, koma makinawa ndi khasu la mwana wawo. Mukalanda khasu, kamwanaka kadya chiyani?

"Kamwanako n'kathu," anatelo mlongo wanga. "Ng'ombe zinapita kwanu. Kadzadya kwa agogo ake. Kapena mukufuna akakonzelenso pepala lake?"

Mkulu wa mpingo anakweza dzanja. Analankhula nthawi yaitali, ndipo pomaliza anagamula motele: mwana akadali wamng'ono, akhale ndi amake malinga ngati akumudyetsa ndi kumupititsa kusukulu. Akalephela, amubweletse yekha kwa Magodi. Atsibweni anavomela. Anati mkamwana anyamuka m'mawa mwake kupita ku Chipata kwa mkulu wake, kumene mwini shopu ina yosindikiza analonjeza kumamupatsa nchito yojambula ngati ali ndi makina ake. Choncho aliyense pabwalopo anamvetsa kuti makina akakhala, mwana akhala ndi amake.

Mng'ono wanga sanachotse dzanja pa sikilini. Onse anatembenukila kwa ine, mwini malilo.

Ndinaimilila pang'onopang'ono. Ndinauza mng'ono wanga kuti achotse dzanja, si tivi, ndipo akachita manyazi kumudzi. Ndinati ife si akuba, makinawa atsale ndi mkamwana. Ndinamva anthu kumpanda akuti, "Eya, awa ndiwo akulu." Atsibweni anawomba m'manja.

"Ine ndingopempha kanthu kamodzi kakang'ono," ndinatelo, "koti ndizikumbukila mwana wanga. Mkamwana atsegule bokosi."

Anakweza mutu. Sikuludilaiva inali m'kabati ya tebulo lomwelo. Anabwela chogwada, n'kumasula chivundikilo. Anthu anayandikila kuti aone matumbo a makina. Ndinaloza ndi chala.

"Kachitsulo ako."

Mng'ono wanga anaseka. "Akulu, zonsezi mwasankha kachitini ka nsomba?" Anansi anasekanso. Mkulu wa mpingo anagwedeza mutu moyamikila. Pabwalo lonse, amene ankadziwa chimene ndaloza tinali awili.

Pamenepo mkamwana anachita chimene sanachitepo zaka zonse za ukwati wake. Anandiyang'ana m'maso n'kulankhula nane.

"Adada, tengani china. Tengani pulinta. Tengani sikilini, ndidzabweleka kwina. Kameneko ayi, adada, mukudziwa."

"Ndikudziwa chiyani?"

"Munalipo. Anakuuzani."

Ndinatembenukila kwa atsibweni ake. "Kwanu kwa Mwase ndimo mumalelela ana chonchi? Mkamwana kuyang'ana apongozi ake m'maso, manda a mwamuna wake asanaume? Ndamusiyila makina onse, ine ndapempha kachitsulo, akundimana. Mwana ndinabala ndine. Iye anangomupeza ali wamkulu, n'kumubweza m'bokosi."

"Tinanena ife," anatelo mlongo wanga. "Mulekeni khalidwe lake lionekele."

Atsibweni anamukalipila m'Chichewa chawo, chapansipansi, kuti asawachititse manyazi, apeleke msanga zisanasinthe. Sikuludilaiva sindinaigwile ine. Ndinaima pomwepo mpaka anamasula yekha masikulu anayi aja, amene anamanga yekha. Limodzi linagwela m'fumbi, ndinamuuza alitole. Anazula tizingwe tiwili, n'kupeleka kachitsuloko ndi manja awili, atagwada. Apo ndiye analila, osati mokweza, koma ngati munthu amene wamenyedwa pamimba. Mwana wake anabwela kudzamugwila khosi, akundiyang'ana ine.

Ndinaika kachitsuloko m'thumba la jekete. Kanali kolemela kuposa maonekedwe ake.

Tinagona ku boma kwa wachibale wina. Dzuwa lisanalowe mkazi wanga anandipeza kuseli kwa nyumba.

"Mwatenga chiyani chija?"

"Chikumbutso."

"Bedi anatenga, sanalile. Mapoto anatenga, sanalile. Chikumbutso chanji choliza munthu chonchija? Mubweze, adada. Mwanayo wapita, musawonjezele."

Ndinamuuza kuti za amuna azisiye. Koma posakhalitsa anafika mkulu wa mpingo pa njinga, thukuta lili kumaso. Mkamwana anali atamufotokozela. Anakhala pa mpando, n'kuzungulila nkhani monga amachitila anthu aulemu.

"Bambo, mwina simunadziwe. Zinthu izi n'zatsopano, ngakhale ine sindizidziwa. Akuti kamene mwatengako ndiko kamasunga nchito yonse. Popanda iko, zimene tagamula masana zilibe tanthauzo."

Anali atanditsegulila khomo lotulukila, ndipo ndinalowamo.

"Ha! Ndi choncho? Ine wa sukulu ya akulu ndingadziwe bwanji? Bwanji sananene bwinobwino? Muuzeni asade nkhawa, m'mawa ndikamupatsa ndekha ku basi."

Anandigwila dzanja ndi manja ake awili. Mkazi wanga anandiphikila tiyi wa shuga wambili.

Ndisanalembe za m'mawa uja, ndilembe zimene zinatsatila, chifukwa zimenezi anthu amazidziwa. Amadziwa kuti ndinabweza. Mkulu wa mpingo anazinena pa guwa Sabata lotsatila, osatchula dzina, koma onse anadziwa kuti akunena ine.

Patapita milungu itatu ndinalandila kalata yochokela kwa mkamwana ku Chipata. Zilembo zake zinali zikuluzikulu, monga mmene mwamuna wake ankandilembela. Mkamwana anati makina akukana kudzuka. Anapita nawo kwa mmisili, amene anati nkhokwe yafa, mwina ndi maenje a mumsewu, mwina ndi chinyezi, sangadziwe. Zonse zimene zinali m'katimo zapita. Anapempha kuti ndimukhululukile chifukwa cholephela kusamala chinthu chimene ndinamubwezela mwachifundo, ndiponso chifukwa cha mwano umene anandichitila pabwalo paja. Kalatayo ndinaiwelenga ndekha, mzele ndi mzele, chala chili pansi pa mawu. Panalibe liwu limene linandivuta.

Anayesa kufunafuna nkhokwe ina, koma yopanda kanthu sikanamuthandiza, ndipo mnzawo wa ku Lusaka uja anali atasamuka. Mwini shopu anapeza munthu wina. Mkamwana anagulitsa pulinta, kenako sikilini ija ya mitundu yoona, n'kuyamba kugulitsa tomato pa msika. Naye anayamba kukhosomola. Mvula yachiwili isanagwe anafika kwa Magodi ndi mwana, ndi kachikwama ka zovala zake. Palibe anamutuma. Anati anagwilizana pamaso pa mpingo, ndipo sakufuna mwana aziona zimene zikubwela. Anagwada patali, n'kuuza mkazi wanga kuti andiuze kuti mwanayo sakonda thelele ndipo amaopa ng'ombe. Ponyamuka mwanayo anamuthamangila mpaka kumsewu, ndipo amene anakamugwila n'kumubweza, akupalapata, ndinali ine.

Mkamwana anamwalila chaka chotsatila kwa amake, kwa Mwase Lundazi. Ndinapita ku malilo. Kunalibe pepala.

Mwana uja ndinamulela ine. Lelo ndi mayi wa ana ake, amandigulila magalasi owelengela ndi shuga. Nkhani ya mmene agogo ake analetsela abale kulanda makina a amake, ndi mmene anathamangila ku basi kukabweza kachitsulo, anaimva kwa agogo ake aakazi kambilimbili, ndipo amaiuza ana ake ine ndili pomwepo.

M'mawa uja ndinadzuka dzuwa litangotuluka, ena akadali m'nyumba. Kuseli kwa nyumba ya wachibale uja kunali mgolo wa madzi ochapila. Ndinatulutsa kachitsuloko m'jekete, ndinapinda dzanja la shati, n'kukamiza mpaka m'chigongono. Madzi anali ozizila kwambili. Pakona pake panali kabowo kakang'ono, ndipo pamenepo panayamba kutuluka tithovu, kamodzikamodzi. Ndinakatembenuza, tithovu tinatulukanso. Ndinagwilabe mpaka tinaleka, ndipo nditaona kuti taleka ndinawelenga mpaka makumi asanu, kuti ndisakayike. Ndinakapukuta ndi mpango, makamaka m'mano mmene mumalowa zingwe, n'kukaika pa lata la chimbudzi kuti dzuwa liumitse pepala la pamwamba. Ndinasamba kumaso m'madzi omwewo. Pepalalo litauma ndinakakulunga mu mpango woyela wa mkazi wanga, ndinavala jekete, n'kupita ku siteshoni.

Basi ya ku Chipata inali itayamba kudzaza. Mkamwana anaima pambali ndi atsibweni ake ndi mwana, makina atakulungidwa m'bulangete limodzi limene anamusiyila. Mkulu wa mpingo analiponso. Ndinatambasulila mkamwana mpango uja. Anautsegula pang'ono, anaona, n'kugwada pafumbi pamaso pa anthu onse, akuwomba m'manja. Analankhula m'Chitumbuka chathu, chimene sankachidziwa bwino, kuti andilemekeze, akundithokoza ndi kundipemphela madalitso a Mulungu.

"Yewo chomene, adada. Chiuta wamutumbikeni."

Anauza mwana kuti agwade nayenso, ndipo kamwanako kanagwada. Ndinawauza aimilile, asadetse zovala. Kenako ndinanyamula bokosi la makina ndekha, ndinalikweza m'basi, n'kuuza kondakitala kuti aliike pabwino, pasakhale wolikhalila, chifukwa muli zinthu zosachedwa kuwonongeka.